Kamano Wagwetsa Netiweki

Mwamuna wanga amagwira ntchito atavala kabudula wogonera. Amayi ake amamutchula kuti a Injiniya, ndipo akamatero amakweza mawu kuti aneba a mbali zonse amve. Ine ndimangoti bambo a Kamano, chifukwa pa maudindo ake onse umenewu wokha ndi umene ndili nawo umboni. Kamano ndi mwana wathu. Dzina lenileni ali nalo, koma chiyambireni kumera mano amaluma chilichonse, ndiye linalo linaiwalika.

Ntchito ya bambo akeyo ili chonchi. Kampani yawo ili ndi madepoti m'matauni osiyanasiyana, ndipo m'depoti iliyonse muli kabokosi kachitsulo kokhomedwa m'kabati, kotuluka mawaya ngati mizu. Amakatcha rauta. Ndi kamene kamalumikiza makompyuta a m'depotimo ndi likulu. Kakasiya kuyankhula, malole satuluka pageti, chifukwa palibe angasindikize mapepala a katundu. Iye sapita kukakagwira ndi manja. Amakhala pathebulo lathu lodyera, n'kutsegula laputopu, n'kulowa m'kabokosiko kudzera pa intaneti. Pasikirini pamabwera chiwindo chakuda bii, chopanda chithunzi n'chimodzi chomwe, kamzere koyera kakungophethira pakona. Akalemba lamulo pamenepo, kabokosi kali kutaliko kamamvera. Ndi chinthu chokhacho padziko lino chimene chimamumvera osabwezera.

Malamulo akachuluka salemba limodzilimodzi. Mnzake wa ku ofesi, mayi wina wa magalasi amene onse amangomuti Asisi, anasanja malamulowo pamodzi n'kupanga chimene amachitcha sikiriputi, n'kuisunga m'kabokosi momwemo. Ukaiitana ndi dzina lake pachiwindo chakuda chija, imayamba kugwira ntchito yokha, koma imaima pena ndi pena n'kufunsa. Ndisunge zakale? Nditseke khomo ili? Ndipitirize? Ikafunsa imadikira mpaka munthu adine chilembo cha inde kapena cha ayi. Asisi anaipanga dala yofunsafunsa choncho kuti munthu aziyamba wawerenga asanavomere.

Bambo a Kamano kudikira anabadwa nako mosiyana. Analemba mayankho onse m'kafayilo kake, limodzi pansi pa linzake, ndipo sikiriputi ikangoyamba iye amawakhuthulira onse nthawi imodzi ngati munthu wothira madzi a mbale pakhonde. Tsiku lina anandiitana kuchokera kukhitchini kuti ndidzaone.

"Taona," anatero. "Iyo isanatsegule n'komwe pakamwa, ine ndayankha kale. Anzanga amakhala mpaka tiyi kuzizira. Ine ndangoti psiti, ndatha."

Ndinaona zilembo zikuthamanga, kenako zii. Ndinati zikomo, n'kubwerera ku anyezi wanga. Panalibe chachilendo. Ine amandiyankha choncho chikwatiranireni.

Koma kugwirira ntchito kunyumba kwakeko kunandithandiza pa chinthu chimodzi. Sukulu ndinalekera panjira, nkhani yake ndi ina, ndipo ndinatopa n'kupempha ngakhale ya sopo. Kuseri kwa msika wa matabwa kuli shedi ya mkulu wina amene anthu amamuti Madala a Masofa. Amavula masofa akale, n'kusintha masipulingi ndi siponji, n'kuwaveka nsalu yatsopano. Ndinamuvutitsa mpaka anavomera kundiphunzitsa.

"Mwezi umodzi wokuyesa," anatero akutola timisomali pakamwa. "M'mawa mpaka masana. Ukajomba tsiku limodzi, usavutike n'kubwera kudzafotokoza. Amene anabwera iwe usanabwere onse anali ndi zifukwa zabwino."

Tinagwirizana ndi bambo a Kamano kuti m'mawa mwana azikhala naye, poti ali panyumba pomwepo. Anavomera ndisanamalize kufunsa.

Ntchito ya masofa ndinaikonda kuposa mmene ndinkayembekezera. Sofa silinama. Ukaling'amba umapeza zonse zimene banja linabisa, zipeso, mapini, mafupa, timapepala ta maswiti, nthawi zina kachisa ka mbewa. Ukakoka nsalu mopendeketsa, limakuonetsa makwinya tsiku lomwelo. Zala zanga zinachita matuza, kenako zinalimba. Pofika sabata yachitatu, Madala anayamba kundisiyira sitepula yaikulu yokhomera nsalu osaima kumbuyo kwanga.

Tsiku limene zinachitikalo ndinafika kunyumba masana, timasiponji tili m'tsitsi. Fungo linandilonjera ndili pakhomo. Kamano anali pansi pa thebulo akuluma mwendo wa mpando, thewera lake litalemera mpaka kumawondo.

"Mwanayu mwamusintha liti?"

"Ndimati ndimalize kaye ichi," anatero bambo ake, maso ali pasikirini. "Kwangotsala depoti imodzi."

Ndinamunyamula mwana, n'kupita naye kubafa, n'kumukhazika m'beseni. Bafa lathu ndi chipinda chodyera zinalekana ndi khoma lopyapyala, loti munthu akatsokomola uko iwe umamva kuti ndi chifuwa cha mtundu wanji. Ndinamva chitseko chakumaso chikutsegulidwa, ndi mawu a apongozi anga akupereka moni kwa a Injiniya. Amakhala msewu wachiwiri kuchokera kwathu, ndipo masana aliwonse amabwera kudzaona ngati mwana wawo akadali ndi moyo m'manja mwanga. Ndinamva kiyibodi ikulira kwa kanthawi. Kenako bata.

"Ayi," anatero bambo a Kamano. "Ayi, ayi, ayi. Iwe, bwerera."

Foni yake inalira. Anayankha ndi mawu ake a ku ofesi aja, ofewa ngati siponji yatsopano.

"Inde bwana. Ndaona bwana. Depoti yonse, inde. Pepani kwambiri. Ndi mwanayu bwana. Anali pamiyendo panga, ndiye sikiriputi ili mkati mofunsa, wangomenya kiyibodi ndi manja onse awiri. Mayi ake kulibe, amapita kokaphunzira zina zake. Inde bwana. Ndamva bwana."

Ndinayang'ana m'beseni. Wolakwayo anali atakhala m'madzi, thovu la sopo lili kumutu ngati chipewa, akuyesa kuluma kapu yosambira. Anandisekerera ndi timano take tiwiri.

Ndinamutsukuluza bwinobwino, osafulumira. Ndinamukulunga m'thawulo n'kutuluka naye. Apongozi anali atakhala kale pampando wanga, chikwama chili pamiyendo, nkhope ili ngati afika pamaliro a munthu wolemera.

"Wamva zimene zachitika?" anandifunsa.

"Ndamva, amayi. Khoma lathu silibisa mawu."

"Malole aima. Kampani yonse yaima. Chifukwa chiyani? Chifukwa mayi wa mwana ali kokhoma mipando ya anthu ena, mpando wa m'nyumba mwake ukudyedwa ndi mwana." Analoza mwendo wa mpando uja, unali ndi malovu. "Munthu wophunzira ngati uyu mpaka kumusandutsa wantchito wolera mwana. Ntchito ya mutu imafuna bata, mwana wanga. Sili ngati yomenya misomali."

Ndinayang'ana mwamuna wanga kudikira kuti anene kanthu. Iye anali kudinadina batani limodzi lomwelo, ngati kabokosi kali kutali kaja kamva chisoni n'kutsegula. Pasikirini panangolembedwa mzere umodzi, ukubwerezabwereza.

"Abwana anena chiyani?" anafunsa apongozi.

"Akuti mawa m'mawa ndipite ndi Asisi ku depotiko. Khomo limene ndimalowera latsekeka, ndiye mpaka tikalumikize chingwe pa rautayo ndi manja. Lero azilemba mapepala pamanja." Anatseka laputopu. "Akutinso ngati ndikufuna kupitiriza kugwirira kunyumba, mwana asamapezeke pafupi."

"Mwamva?" anatero apongozi, akuyang'ana khoma la aneba. "Nkhani yatha yokha. Za masofazo zinali zosangalatsa, taona, tayamikira. Tsopano munthu akhale pansi alere mwana."

Apongozi atapita, ndinamupeza mwamuna wanga kukhitchini akumwa madzi ataimirira. Ndinatseka chitseko.

"Bambo a Kamano, mwanayu anali kuti pamene zimachitika?"

"Usayambe."

"Ndangofunsa. Inu mumakonda kuyankha msanga, tayankhani."

"Ukufuna andichotse ntchito? Ukufuna tidye masipulingi?" Anatsitsa mawu. "Tamvera. Ndikanati ndalakwitsa ndine, akanandilembera kalata yochenjeza. Mwana sangamulembere kalata. Mwana sachotsedwa ntchito. Palibe amene wapwetekeka apa."

"Palibe?"

"Ujombe mawa lokha. Madalawo ukawafotokozere, ndi munthu, amva. Zinazo tidzaona."

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kukabudula. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, wobisala kumbuyo kwa mwana amene sanayambe n'kuyenda komwe. Ndikanakhala ndi mtima wa anthu ena ndikanalira, koma misozi siyang'anira mwana. Ndinamangirira Kamano kumbuyo n'kuyamba kuzungulira.

Aneba a kumanja anati amalawirira ku msika kukapikula. Aneba a kumanzere anati ana awo ali ndi chikuku, ndipo sananame, ndinawaona. Mng'ono wanga ndinamuimbira, anati ali pa shifiti. Kupita naye mwana kushedi sikukanatheka, pansi ponse pamakhala timisomali ndi masitepulo, ndipo ameneyu chilichonse chimathera m'kamwa. Potsiriza ndinameza manyazi n'kukagogoda kwa apongozi. Ndinagwada pakhomo mwaulemu wonse.

"Amayi, ndapota nanu. Mawa m'mawa mokha."

"Ine anga ndinalera ndekha," anatero. "Asanu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwetsa kampani."

Kutacha ndinadzuka ngati masiku onse. Ndinavala ovolosi yanga, ndinamanga mpango, ndinamudyetsa Kamano. Bambo ake anandiyang'ana chammbali osafunsa kanthu, ankaganiza kuti ndavala kuti ndimupweteke mtima basi. Iye anali atavala buluku ndi shati yosita, akugubuduza madirowa kufunafuna kachingwe kake kabuluu kolumikizira pa rauta. Apongozi anafika molawirira kuposa tambala, akuti adzatsanzikane ndi a Injiniya ngati akupita kunkhondo.

Galimoto ya kampani inaima pageti. Asisi anatsika, mayi wamfupi wa jinzi, magalasi ali pamphuno. Ndinali ndisanawaonepo, ndinkangomva mawu awo pafoni. Ndinatuluka ndi mwana m'manja kukawapatsa moni, enawo akadali m'nyumba kusakasaka chingwe.

"Ndi ameneyu katswiri wathu?" anatero Asisi, akugwira kaphazi ka Kamano. "Bwana wamng'ono, mwatigonetsa ndi mutu. Koma mumalemba mwaukhondo bwanji! Chilembo chimodzi pamzere uliwonse, osaphonya."

Anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Ndiye mukudziwa," ndinatero.

"Mayi, ine ndi amene ndinalemba sikiriputiyo. Sabata yatha ndinawonjezera funso limodzi koyambirira pa rauta ya depoti imeneyo, ndinalengezanso kwa onse. Amuna anuwo sawerenga, amangokhuthula mayankho awo akale. Ndiye yankho lililonse linagwera pa funso la mnzake. Itafunsa kuti ibwezere zakale zinthu zikavuta, inalandira ayi. Itafunsa kuti itseke khomo limene iwo analowera, inalandira inde. Anadzitsekera kunja okha, makiyi ali mkati." Anapukuta magalasi ndi malaya. "Musadandaule, aliyense wa ife zinamuchitikirapo. Kwathu kuli mwambo wake. Ukadzitsekera kunja umagulira anzako zakumwa, n'kupeza wonamizira. Wina anati magetsi. Wina anati tiyi anatayikira. Wina anati mphaka anayenda pa kiyibodi."

"Nanga abwana anu akudziwa?"

"Wa mphakayo ndi iwowo."

Anasekanso. Ine sindinaseke.

"Ndiye za kuti mwana asamapezeke pafupi?"

"Aaa, abwana amayenera kunena kanthu. Pofika Lolemba aiwala."

Ndiye kunali kuseka ku ofesi. Akuluakulu a mataye kunamizana bodza limene aliyense akudziwa kuti ndi bodza, kenako n'kukamwera limodzi. Bodzalo kumeneko linali lopepuka ngati thovu. Linadzalemera litafika m'nyumba mwanga.

"Asisi," ndinatero, "mphaka wa abwana anu sanaluze kanthu. Ine lero ndikapanda kufika kuntchito, malo anga apita. Apongozi anga akuti ndisiye, chifukwa cha nthabwala yanuyo."

Kuseka kunawathera. Anavala magalasi, n'kutulutsa foni, n'kuyamba kuiyang'ana ngati mwalowa uthenga wofunika.

"Pepani mayi. Koma za m'banja ine sindilowerera."

Sindinadabwe. Munthu wodziwa kuphunzitsa makina kufunsa ngati watsimikiza, koma pa munthu wamoyo pakamwa pauma. Ndinabwerera m'nyumba. Ndinatenga chikwama cha mwana, ndinaikamo matewera, botolo, zovala zosinthira ndi kasupuni kake. Ndinatuluka nthawi imodzi ndi bambo ake, amene anali atapeza chingwe chake n'kuchikoleka m'khosi ngati mendulo. Apongozi anali pambuyo pake atamunyamulira laputopu.

Atangotsegula chitseko cha galimoto, ndinamuika Kamano m'manja mwake. Analandira asanaganize, poti mwana ukapatsidwa sumugwetsa. Chikwama ndinachikoleka paphewa pake.

"Ichi n'chiyani?"

"Mupite naye."

"Wapenga?"

"Ayi, ndaganiza bwinobwino. Amene anadina ndi ameneyu. Ndi yekhayo akudziwa mabatani amene anagwira. Inu mukangotaya nthawi kufufuza, iye akangofika n'kukuonetsani." Ndinatembenukira kwa Asisi. "Amadya nthawi ya teni. Mukamusiya pafupi ndi mawaya, muziyang'anira, amaluma."

Sindinanong'one. Aneba a kumanzere anali atatuluka kale ndi tsache, akusesa malo amodzi omwewo. Mayi wogulitsa makala patsidya anasiya kuyeza. Ngakhale dalaivala wa minibasi amene amaima pakona anazimitsa wailesi.

"Mayi a Kamano, tiye tikakambirane m'nyumba."

"Nthawi ndilibe, ndachedwa kale. Inu ndi mnzanuyu munalakwa limodzi, kakonzeni limodzi."

"Ulendowu ndi wautali. Mwana sangapite."

"Ndiye atsale ndi ndani? Ine ndikupita kuntchito, monga tinapangana. Kapena pali chimene mukufuna kundiuza?"

Kamano anali atapeza chingwe chabuluu chija n'kuyamba kuchitafuna. Bambo ake anayang'ana Asisi. Asisi anayang'ana matayala. Mwamuna wanga anayang'ana amayi ake. Thukuta linatuluka pamphuno pake m'mawa wozizira ngati umenewo. Mumtima ndinkadziwa kuti galimotoyo ikangoliza injini mwana wanga ali momwemo, ndidzagona kutsogolo kwa matayala. Koma iye sankadziwa zimenezo. Sanakhalepo ndi chidwi chofuna kudziwa zimene ndingachite ndi zimene sindingachite.

"Chabwino," anatero, mawu ali pansi pa lilime. "Sanali mwana."

"Mwati bwanji? Kuli phokoso."

Kunalibe phokoso lililonse. Msewu wonse unali utasiya kupuma.

"Ndati sana..."

"Tseka pakamwa, iwe!"

Anali apongozi. Sanati a Injiniya. Anaponya laputopu pampando wa galimoto, n'kumulanda Kamano m'manja mwa bambo ake, n'kukoka chikwama mpaka lamba kutsala pang'ono kuduka. Anasolola chingwe m'kamwa mwa mwana n'kumuponyera mwini wake.

"Kwera uzipita. Anthu akudikira malole."

Anakwera ngati mwana wa sukulu. Asisi analiza galimoto mwachangu, osatsanzika. Fumbi litatsika, apongozi anandiyandikira mpaka ndinamva fungo la mafuta awo odzola. Anayankhula motsitsa, akumwetulira kuti oonerera aziti tikucheza.

"Ukuganiza kuti ndine wakhungu? Ndinalowa m'nyumba muja mwana ali kubafa. Ndinamuona akutuluka tsitsi lili lonyowa."

"Ndiye munkadziwa."

"Ndinamubereka ndine. Akamanama khutu lake lamanzere limafiira. Koma mwamuna savulidwa pamsewu, mwana iwe. Mkazi wanzeru amaphimba."

"Ndikanaphimba, amayi. Koma inu munafuna kuphimba ndi ntchito yanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti aka kanali koyamba kundiona bwinobwino chilowereni m'banja lawo, ndipo zimene anaonazo sizinawasangalatse. Nanenso zimene ndinaona sizinandisangalatse, ndiye tinafanana.

"Mwanayu ndikhala naye lero lokha," anatero.

"Mpaka mwezi wanga woyesedwa uthe, amayi. M'mawa uliwonse. A Injiniya akufunika bata, munanena nokha dzulo."

"Ukapanda kupeza zimenezo?"

"Ndidzafunsanso funso langa lija akabwera madzulo. Anthuwa sanamve bwino yankho."

Anayang'ana mayi wa makala, amene anali atagwira chitini m'malere osathira. Anayang'ana aneba a tsache. Kenako anamukweza Kamano paphewa n'kunena mokweza, ndi mawu awo olengezera aja, "Tiye kwa agogo, bambo anga! Amayi ako apite ku kampani yawo ya mipando!"

Kampani. Ndinangoti zikomo amayi, n'kuyamba kuthamanga.

Minibasi inali itadzaza, yotsatira inachedwa, ndipo pamsika wa matabwa panali lole itatseka njira. Ndinafika kushedi dzuwa litakwera. Anyamata awiri a Madala anali atatsitsa kale chisofa chachikulu chobiriwira, chong'ambika pamsana. Pabenchi lakunja panakhala mtsikana wina amene sindinamuonepo, atavala nsapato zoyera, manja ali pamiyendo. Sindinafunse kuti akudikira chiyani.

Madala anali atawerama pa makina osokera. Sanadzutse mutu.

"Ndimayesa wamwalira."

"Ndilipo, Madala."

"Ndinati chiyani tsiku loyamba?"

"Munati ndikajomba. Sindinajombe, ndachedwa."

Anatulutsa msomali m'kamwa n'kuuyang'ana ngati ndi umene wayankha.

"Chakuchedwetsa n'chiyani? Usandiuze, ndikudziwa kale. Mwana. Nonse mumati mwana. Watentha thupi, watsegula m'mimba, wameza batani."

Likanakhala yankho lophweka. Madala ali ndi zidzukulu, akanang'ung'udza n'kundisiya. Mwana salembedwa kalata, ndinali nditaphunzitsidwa dzulo lake ndi munthu wophunzira.

"Mwana ali bwinobwino," ndinatero. "Sanalakwe chilichonse. Ndi bambo ake."

"Adwala?"

"Ayi. Ali ndi zaka zambiri koma sanayambe kuyenda okha."

Anyamata aja anaphulika n'kuseka. Mmodzi anagwetsa hamala. Madala sanaseke, koma ndevu zake zinagwedezeka pang'ono. Anayang'ana kubenchi kumene kunali mtsikana wa nsapato zoyera, kenako anayang'ana manja anga.

"Iwe wa pabenchi," anaitana, "ubwere mwezi wamawa, tidzaone." Kenako kwa ine, "Chobiriwiracho n'chako. Uchivule chonse mpaka mafupa, ndipo suchoka pano chisanathe, kaya masana akwana kaya ayi. Ukachedwanso, ubwere nawo bambo akewo, ndidzawakhazike pabenchi."

Ndinatenga chozulira masitepulo n'kugwada kumbuyo kwa sofalo. Amene analikonza kale anali waulesi. Nsalu yatsopano anangoikhomera pamwamba pa yakale, yakaleyo pamwamba pa inanso, zonse zitaola mkati. Ndinalowetsa chitsulo pansi pa sitepulo yoyamba n'kukanikiza.